Nyerere Pansi pa Landirova

"Galimoto imene tinaitsekera m'shedi Lachisanu ili chete, ingadzuke bwanji Lolemba ikulira ngati yaferedwa?"

Anafunsa ndi a Wadson Mtambalika, mkulu wa bungwe lathu la alimi a thonje ku Balaka. Tinalimo atatu oti tikanayankha. A Hassani, dalaivala wathu, ankayang'ana chipewa chimene anachigwira m'manja. A Amosi, makaniko wa galaja ya kuseri kwa msika, ankapukuta zala zouma kale ndi kansanza. Ine ndinkawerenga misomali ya padenga.

Chinali chaka cha 1981. Ndinali nditatha miyezi isanu ndi iwiri pa ntchito ya ulangizi, nditangochoka ku koleji ya ulimi, ndipo a Wadson ankanditcha Abiti Digiri. Akakondwa ankanena akuseka. Akakwiya ankanenanso akuseka.

Landirova imeneyo anakaigula okha ku esiteti ina ya fodya, itayenda kale zaka khumi, n'kuilowetsa m'tauni akuliza hutala kuyambira panjanji. Anauza komiti ya alimi kuti ukalamba uli pa penti pokha, m'kati ndi mwatsopano. Kuyambira tsiku limenelo galimotoyo sinkaloledwa kuwonongeka yokha. Chilichonse chinkafunika mwiniwake.

"Ndikuyankhireni ine," anatero a Wadson. "Loweruka tauni yonse inali ku msonkhano wa chipani. Ine ndinalipo. Abiti Digiri analipo, ndinawaona akuwomba m'manja ngati akuopa kuthyola zikhadabo. A Amosi analoledwa ndi a tcheyamani a chipani kuti asabwere chifukwa amakonza ambulansi ya ku mishoni. Munthu mmodzi yekha ndiye sanaoneke, ndipo kiyi wa shedi amasunga iyeyo. Che Hassani, munapita nayo kukachita matola ku Nsanama, mwaipha."

"Ndinapita pa basi, bwana. Kunali arubaini, sadaka ya masiku makumi anayi ya malemu achimwene anga."

"Mukanene ku polisi zimenezo. Kalata ipita Lachitatu, ndipo ndilembamo zonse ziwiri, za galimoto ndi za msonkhano."

Masiku amenewo mlandu wowononga galimoto unali ndi woweruza ndi tsiku lotulukira kundende. Mlandu wosowa pa msonkhano unalibe zonsezo. A Hassani anali ndi ana asanu.

"Abiti Digiri, paja munaphunzira za mathirakitala. Pitani ndi a Amosi mukaimvere, mundilembere chimene chawonongeka. Pepala lanu ndilo likakhala umboni."

*

Tinatuluka nayo pa msewu wa tala wopita ku Liwonde. A Amosi anagwira chiwongolero, ine ndinakhala kumbuyo pa thumba la mbewu.

M'tauni sinkamveka. Titangopitirira mamailo makumi awiri pa ola kanayamba kaphokoso kopyapyala, ngati udzudzu m'khutu. Pofika makumi anayi kanali ngati mphaka wotsekeredwa m'nkhokwe.

"Giyabokosi iyi, mayi!" anakuwa a Amosi osatembenuka. "Ndazimva zambiri zoterezi. Aisiye kwanga milungu iwiri, ndiimasule bwinobwino."

"Tapondani kalachi."

Anaponda. Injini inatsitsa mawu, koma kulira kuja kunapitirira pomwepo.

"Chotsani giya, iyende yokha."

Anachotsa. Kulira kunkatsika pang'onopang'ono pamodzi ndi liwiro la matayala, osati la injini.

"Bwezerani yachinayi, muonjezere moto. Tsopano chotsani phazi."

Akaponda, kunkalira mokweza. Akachotsa phazi, kunkasanduka kubuula. Ndinayang'ana kachitsulo kamutu wachikasu kamene kamalowetsa matayala onse anayi. Kanali m'mwamba, kutanthauza kuti a kutsogolo ankangotsatira, ntchito yonse inali kumbuyo. Ndinagwada n'kuika chikhatho pansi, kuyambira kuseri kwa mpando wa dalaivala, kumabwerera m'mbuyo. Pakati pa matayala akumbuyo m'pamene dzanja linayamba kunjenjemera. Pansi pamenepo pamakhala difu, chimphika chachitsulo chimene chimalandira mphamvu ya injini n'kuigawira matayala awiriwo.

"A Amosi, ndi difu."

"Phokoso limayenda m'zitsulo, mayi. Limayambira kutsogolo, limakamvekera kumbuyo. M'mabuku salembamo zimenezi."

"Ndiye tiime, tione oyilo wake."

"Sindinatenge sipanala."

Anthu a ku Balaka ankati a Amosi amadziwa nthenda ya galimoto isanakhote pa sitolo ya mmwenye. Tsiku limenelo anaphonya ndi mikono iwiri yathunthu, ndipo anayenda opanda sipanala m'thumba. Kolala ya ovolosi yawo inali itanyowa, pamene kunja kunali mphepo ya mwezi wa Juni.

*

Mlonda wathu, Che Usumani, anali munthu wa ku Ngokwe amene anasiya mano atatu ndi khutu limodzi ku migodi ya ku Joni. Ndinawapeza atakhala pa chitini pakhomo la shedi. Ndinaima mbali ya khutu lamoyo.

"Che Usumani, galimoto inatuluka Loweruka?"

"Ngwamba, amayi. Iyayi. Wallahi sinatuluke."

"Inu munali pano?"

"Pano? Anyamata a chipani a yunifolomu aja anabwera naini koloko ndi zikoti, akuti ngakhale alonda, mbala nazonso zili ku msonkhano. Ndinabwerako fili koloko, mmero utauma ndi nyimbo."

"Ndiye mukudziwa bwanji kuti sinatuluke?"

Anaseka ndi mano otsalawo, n'kundikokera m'kati. Anatola mwala wamphumphu umene unali ndi kadontho ka penti yofiira.

"Uwu ndi mlonda mnzanga, sapita ku msonkhano. Ndimauika kuseri kwa tayala lakumanzere, kofiira kakuyang'ana kuchibula, kumene timapemphera. Munthu akauchotsa n'kuubweza, amaika kofiira m'mwamba kuti ndione, poganiza kuti ndine wopusa. Lolemba m'mawa unali momwe ndinausiyira. Ngakhale ulusi wa kangaude unalipo."

"Munawauza a bwana?"

"Bwana safunsa alonda. Amafunsa a madigiri."

"Ndiye palibe analowa?"

"Aa, kulowa analowa. Loko uyu ndi wa ulemu chabe, amatseguka ndi msomali. Ine ndimasesa kuchokera m'kati kutulutsa kunja. Nditabwerako ndinapeza tsache layenda chopingasa. Munthu anasesa mapazi ake, koma kusesa kwake n'kwa mwamuna wosazolowera."

A Amosi anali ataibweza galimoto pamalo ake n'kuchoka mofulumira. Ndinawerama kuti ndione pamene mwala unkakhala, ndipo ndinaona nyerere. Zinapanga mzere kuchokera pa khoma mpaka pansi pa difu, pamene panali kadontho kakuda pa dothi. Zina zinali zitakwera kale tayala.

Oyilo wa difu amanunkha ngati mazira owola. Nyerere sizimuyandikira, ngakhale mphemvu zimamulambalala.

Lamulo silinkalola mkazi kuvala buluku, choncho ndinamanga chitenje pamwamba pa diresi, n'kupempha Che Usumani kuti ayang'ane kuchibula. Ndinalowa pansi chagada. Ndinapaka chala pa dontho limene linkalendewera, n'kununkhiza. Linkanunkhira zitumbuwa. Anali mafuta a mtedza.

Chitsulo chonse pansipo chinali ndi matope a zaka khumi, koma manati khumi ozungulira difu ankawala m'makona. Pakati pa difu ndi chitsulo chimene imamangidwapo pamakhala gasiketi, pepala lolimba loletsa oyilo kudontha. Za kusitolo zinkasowa, ndipo amakaniko ankadula zawo pa chikatoni chilichonse. Iyi inatulukira m'mphepete ngati lilime. Ndinadulako ndi lezala kachidutswa kotalika ngati chala, n'kutuluka nako pa dzuwa.

"Mwapeza chiyani, amayi?"

Panali timabokosi tosindikizidwa, mzere wobiriwira wokhota chokwera, ndi manambala awiri. Che Usumani anakayang'ana mozondoka ndi mowongoka, n'kupukusa mutu. Ndikhulupirira kuti ngakhale a Wadson ndi apolisi onse a ku Balaka akanapukusanso mitu. Koma mkazi aliyense amene anaberekapo mwana kumsana, wake kapena wa mchemwali wake, amaudziwa mzere umenewo. Ndi umene amalembapo kulemera kwa mwana ku sikelo.

Galimoto sinawonongedwe. Difu yake inabedwa, n'kuikamo ina.

*

Lachiwiri m'mawa ndinapita kwa a Hassani. Nyumba yawo inali m'mphepete mwa msewu wafumbi wolowera ku Kalembo. Ndinawapeza pakhonde atavala yunifolomu yawo ya khaki yositidwa, ngati munthu woti aitanidwa nthawi iliyonse. Akazi awo, a Rukiya, ankapeta mpunga chapafupi.

"Tikiti ya basi muli nayo?"

"Ndani amasunga tikiti, amayi? Anandiona anthu a mzikiti wonse wa ku Nsanama. Koma bwana anena kuti achibale amanamirana."

"Munapempha chilolezo?"

"Lachinayi, inunso muli pomwepo. Anagwedeza mutu akuwerenga nyuzipepala."

Ndinakumbukira. Anagwedezadi.

"A Hassani, mwayendetsa magalimoto zaka zingati?"

"Makumi awiri ndi ziwiri. Malole, mabasi, iyi."

"Kulira kuja, munakumvapo kale?"

Anatenga nthawi akuwongola mzere wa buluku pa bondo.

"Kulira kuja si kwa galimoto yanga."

"Nanga ndi kwa iti?"

"Pano pamadutsa magalimoto ambiri."

"Ambiri ati?" analowererapo a Rukiya, osasiya kupeta. "Thirakitala ya a Hilary ndi ambulansi ya a Sisitere, Landirova ngati yanu ija, basi. Komatu ambulansi ija yachira. Chaka chonse timaimva ikadali kudambo, fyiii, ana n'kuthamangira kumsewu. Lamulungu yadutsa apa zii, mpaka inatsala pang'ono kuponda bakha wanga."

"Rukiya," anatero a Hassani, "madzi aja akuwira."

"Sindinateleke madzi ine."

"Kateleke."

Atachoka, a Hassani anandiyang'ana koyamba tsikulo.

"Munadziwa Lolemba lomwe," ndinatero.

"Ine ndine dalaivala, amayi. Ndinganene za kumene ndinali. Za kumene ena anali, akanene okha."

*

Chipatala cha mishoni chinali mamailo khumi ndi awiri pa msewu womwewo. Ndinakwera lole ya thonje. Linali tsiku la sikelo, ndipo azimayi anadzaza khonde. Sisitere Clementina, mayi wamfupi wa mawu akuluakulu, ankapachika ana pa sikelo ngati munthu wogula nkhuku pamsika.

"Wotsatira! Iwe, mwana uyu ukumudyetsa mphepo? Mayi wa thonje, mwabwera ndi mwana kapena ndi mimba?"

"Ndabwera ndi funso, a Sisitere."

"Imani pa mzere."

Ndinaima. Pakhoma kumbuyo kwawo panali misomali inayi ndi malo oyera a makona anayi, pamene penti sinaone dzuwa kwa zaka zambiri. Nthawi yanga itakwana ndinaika kachidutswa kaja pa tebulo.

"Chithunzi chachikulu cha sikelo chinali apa chili kuti?"

"Chinakalamba."

"Masisitere amanama?"

"Masisitere amasankha zoyankha. Gladys, gwira sikelo iyi." Anandikokera m'kachipinda ka mankhwala n'kutseka chitseko. "Mverani, mayi. Ambulansi inagona milungu itatu. Difu yatsopano tinaitanitsa mu Januwale, akuti ili pa doko ku Mozambiki, ikudikira nkhondo ithe. M'milungu itatuyo ndinatumiza azimayi awiri ku Balaka pa ngolo ya ng'ombe. Anafika ndi moyo mmodzi. Lachisanu a Amosi anandipempha chithunzi chija ndi chigubu cha mafuta ophikira a ana operewera. Loweruka madzulo ambulansi inabwera ikuyenda."

"Simunafunse kumene difu yachokera?"

"Makaniko akakupempha mafuta ophikira, umadziwa kuti funso lako lili ndi yankho limene sukulifuna. Lamulungu titatuluka m'tchalitchi ndinanyamula mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, mwana atapingasa. Ku Zomba tinafika. Onse awiri alipo. Mukufuna ndilape?"

"Dalaivala wathu apita ku polisi mawa. Akuti ndiye anaononga galimoto, tsiku limene sanaoneke ku msonkhano."

Sisitere anakhala pa bokosi la mabandeji. Kunja mwana wina ankalira pa sikelo.

"Ndani?"

"A Hassani."

"Amuna a Rukiya? Mapasa aja ndinawalandira ndi manja anga." Anavula magalasi n'kuwavalanso. "Ndipita ndekha kwa a Wadson."

"Mukapita, a Amosi amangidwa, ndipo difu ibwerera kwathu tsiku lomwelo."

"Ndiye mukufuna nditani?"

Ndinatola kachidutswa kanga n'kupita kukadikira lole.

*

Lachitatu ndinafika pa galaja a Amosi akungotsegula. Ndinaika kapepalako pa benchi, pakati pa masipanala. Anakayang'ana nthawi yaitali.

"Ndinkati ndidula m'mphepete," anatero. "Ndinamva nyimbo zikuyandikira."

"Mwala wa Che Usumani simunausunthe."

"Landirova sifuna jeke, mayi. Umasolola mashafuti awiri matayala ali pansi, umamasula shafuti yaitali ya pakati, manati khumi, difu ili m'manja. Maola awiri. Ndinabwera nayo yakufa ija pa wilibala, nditafunditsa chiguduli. Mutauni munalibe ngakhale galu."

"Nanga mafuta a mtedza?"

"Oyilo wa difu anatha m'Balaka muno mwezi wa Febuluwale. Amene anali m'difu yanu anapita nayo. Ndikanaisiya youma?"

"Mumati zitha bwanji?"

"Ndimati anena kuti konzani, ine n'kuti giyabokosi, milungu iwiri. Iwiriyo n'kukhala inayi. Mwina sitima n'kufika ndi difu yatsopano ya a Sisitere. A Wadson sasiyanitsa kulira kwa difu ndi kulira kwa mbuzi. Sindinawerengere inu." Anatola kansanza kawo. "Sindinawerengerenso kuti Che Hassani sapita ku msonkhano. Ndikanadziwa, Mulungu akuona."

"Munadziwa Lolemba."

"Dzulo ndinafika kawiri pakhomo la ofesi yanu. Miyendo inabwerera yokha. Ndili ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi chimodzi, mayi, ndi chifuwa ichi. Kundende sindikatha mvula imodzi." Anatsokomola, mwina kuti ndimve, mwina ayi. "Koma mukanditchula, sindikana."

*

Kalata inali itatayipidwa kale, ili pa tebulo la a Wadson, ndi chidindo pambali. A Hassani anaima pafupi ndi chitseko, chipewa m'manja. Akazi awo anawamangira kathumba ka bulangete, kali pansi pafupi ndi phazi.

"Abiti Digiri! Masiku awiri athunthu. Ku koleji munkachedwanso chonchi?"

"Galimoto sinatuluke m'shedi, bwana. Che Usumani amaika chizindikiro pa tayala, ndipo sichinasunthe. Anena zomwezo ku polisi akafunsidwa."

"Nkhalamba yogontha."

"Maso ake ndi abwino. Chachiwiri, za msonkhano. Lachinayi a Hassani anapempha kupita ku Nsanama, inu munalola. Ndinalipo. Apolisi akandifunsa amene anamasula wantchito tsiku la msonkhano, ndidzayankha."

A Wadson anaseka, koma anasuntha chidindo n'kuchiika kutali pang'ono ndi kalata.

"Chabwino. Nanga chikulira n'chiyani?"

"Difu ya kumbuyo."

"A Amosi akuti giyabokosi."

"Ndi difu."

"Difu imene ine ndinaimvera ndekha pogula, ili zii? Siingathe m'masiku awiri ili m'shedi. Ngati sinayende, ndiye kuti munthu anaigwira. Ndipatseni dzina. Mukapanda kundipatsa lina, kiyi amasunga ndi uyu, ndipo kalata ipita popanda za msonkhanozo. Kuba kokha n'kokwanira."

Kachidutswa kaja kanali m'thumba la diresi yanga. A Hassani ankayang'ana khoma.

"Kapena mukufuna kunena kuti yatha yokha?" anapitiriza a Wadson, mawu atatsika. "Kuti ine ndinagulira alimi chiphapha? Ngati ndi choncho, mulembe ndi dzanja lanu, musayine. Che Hassani abwerera pa chiwongolero lero lomwe. Koma Lolemba ndiitumiza ku galaja yaikulu ku Blantyre akaitsegule. Akakapeza kuti munadutsa sipanala ya munthu, kalata iyi sindidzatayipanso. Ndidzangofufuta dzina lake n'kulemba lanu."

Anatsamira mpando n'kupinda manja pamimba. Panja lole ya thonje inadutsa, mawindo n'kunjenjemera.

"Difu yatha ndi ukalamba," ndinatero. "Palibe anaigwira."

A Hassani anatembenuka. A Wadson anasiya kuseka.

"Mwamva bwino zimene ndanena, Modester?"

Kanali koyamba kunditchula dzina langa.

"Ndamva, bwana. Ndibwerekeni cholembera."